Nkhope ya Amayi Pamwamba pa Kapulana

Azimayi, azibambo, ndi inu anzanga amene mumamva mawu amene ena sawamva, zikomo pondilola kuima pano. Mundikhululukire ndikamayang'ana pansi. Si mwano, ndinakula choncho, ndipo mumva posachedwa kuti kuyang'ana pansi kumeneku kunatsala pang'ono kuphetsa amayi anga. Dzina langa ndine Inasiyo. Kwathu ndi kumudzi wina kuseri kwa Fonte Boa, koma tsopano tikukhala tsidya la malire, ndipo kuno ku Domwe ndimabwera tsiku la msika. A Dona Selesite, anamwino amene akhala apowa, ndiwo andiuza kuti ndilankhule. Ndinawapempha kuti alankhule okha, koma akana.

Shikola ndinalekeza kwarta kalasi, ndiye kuti kalasi yachinayi. Ndinali mwana wosavuta. A katekista ankandipatsa buku kuti ndiwerenge Lamulungu chifukwa sindinkadumpha mizere. Ndikakumana ndi munthu wamkulu ndinkapatuka n'kuwomba m'manja, maso ali pa zala za kumapazi kwake. Anthu ambiri a m'mudzi mwathu ndinkawadziwa ndi mapazi ndi mawu basi. Onse ankati amayi analera bwino, ndipo ine ndinkakondwa kumva zimenezo.

Nkhondo itafika kumapiri kuno, anthu amfuti anapeza bambo anga kumunda n'kuwasenzetsa thumba la nyemba. Sanabwerenso. Amayi anga, aNangozo, sanalire pagulu. Inu mukudziwa chifukwa chake. Masiku ano ukalira munthu wotengedwa, mafunso amabwera: watengedwa ndi ati, nanga iwe uli mbali iti? Amayi anangoluma mano, milomo n'kuifinya, n'kutenga khasu. Akazi ambiri kwathu anachita chimodzimodzi.

Ine ndinatenga njinga ya bambo n'kuyamba kubweretsa kachewere kuno kumalire. Panjira imeneyo m'pamene mawu anandipeza. Poyamba ankamveka ngati wailesi ya m'nyumba ya eni ake, amuna awiri akukambirana chapansipansi. Kenaka ndinazindikira kuti akukamba za ine. Wina ankati, "Uyo akupita." Mnzake ankati, "Akudziwa kodi kuti onse atopa naye?" Tsiku lina anati, "Kweza maso uone." Ndinakweza. Kanali koyamba m'moyo wanga kuyang'ana akuluakulu kumaso, ndipo aphunzitsi anga anali mawu aja. Nkhope iliyonse anandiuza kuti ndi mkwiyo. Wogula kachewere, mkwiyo. A katekista, mkwiyo. Ngakhale wina aseke, mawu ankati akubisa mpeni kuseri kwa mano. Ine ndinalibe choyerekezera nacho. Ndinakhulupirira.

Zotsatira zake ndizinena mwachangu, pakuti sizokoma. Ndinayamba kachasu kuti mawu aleke, ndipo ankaleka pang'ono n'kubwerera ali atatu. Njinga ya bambo inatsala kwa mayi wophika kachasuyo. Ndinasiya kusamba, ndinasiya kutchalitchi. Ndinkagona kudimba. Koma nkhope imene inkandiopsa kuposa zonse inali ya amayi, nsagwada zolimba zija ndi milomo yofinya ija. Mawu anati, "Ndiwo anapereka bambo ako. Watsala ndiwe." Ndinaleka kudya chilichonse chimene manja awo akhudza. Ndinkadya chimanga chachiwisi ndi mapichesi a m'minda ya anthu.

Tsiku lina amayi ananyamula chimanga kupita kuchigayo, ine ndikuwatsatira kumbuyo. Pamsewu wopita ku Ulongwe panali kontorole, mtengo wopingasa pa migolo iwiri, asilikali atakhala pamthunzi. Amayi atatsitsa dengu kuti alione, ine ndinapita kwa msilikali n'kunena mwaulemu, monga ndinaphunzitsidwira, kuti, "Pepani bwana, mayi awa amagwirizana ndi amfuti a kutchire. Tangowayang'anani nkhope."

Palibe pano amene akufunika kuuzidwa kulemera kwa mawu amenewo. Amayi anawakhazika padzuwa tsiku lonse. Anawafunsa, anawamenya ndi lamba pamapewa. Malume anga a Bonifasiyo anathamanga ndi a katekista kukachonderera kuti mnyamatayu mutu wake suli bwino, asilikaliwo n'kuona okha mmene ndinkayankhulira ndi mphepo. Dzuwa litapendeka anawamasula. Amayi anatola dengu lawo n'kupitabe kuchigayo.

Malume anandimanga pamzati ndi mphira ya njinga. Zipsera zake ndi izi. Anandipititsa kwa sing'anga, ananditema mphini, mawu sanachoke. Mapeto ake anandigoneka m'ngolo n'kundibweretsa kwa a Dona Selesite, amene anagwirapo ntchito kuchipatala ku Tete pakati pa anthu odwala ngati ine, ndipo anali atabwerera kwawo kudzayang'anira kachipatala kakang'ono kufupi ndi mishoni. A Dona anadula mphira ija ndi lumo, n'kuuza malume kuti, "Mbuzi ndiyo timamanga." Anandibaya injesawu, ndinagona. Nditadzuka anandiuza dzina la matenda anga m'Chipwitikizi, esikizofereniya, n'kunena kuti si ufiti, si tchimo, ndi matenda a bongo. Anandiyambitsa makompirimidu, mapiritsi aja. Lilime linalemera, malovu ankatuluka, koma mawu aja anasunthira kutali, ngati anthu akuyankhulira tsidya la mtsinje.

Koma nkhope zinali zomwezo. Amayi akangotulukira pakhomo, ndinkakuwa n'kuthawira kuseri kwa chitseko.

Tsiku lina ndinamva malume akukambirana ndi amayi pakhonde. Malume anati, "Mlongo, anthu akutha m'mudzi. Tikangokolola nyemba tiwoloke malire. Uyu timusiye kwa a Dona."

Amayi anati, "Achimwene, tengani ana anu muzipita. Ine ndikhala."

"Ukhalire munthu amene anakupereka kwa asilikali?"

"Ndinabereka mmodzi."

Malume anatembenukira kwa a Dona. "Nanga tingamutenge chonchi?"

A Dona anati, "Chonchi ayi. Pakontorole akhoza kukuphetsani nonse. Ayenera kuyamba watha kukhala pafupi ndi mayi ake."

Ndiye nkhani inaima pamenepo. Amayi sachoka popanda ine, ine sindingayende ndi amayi, nyemba zikukhwima, ndipo mfuti zinkamveka pafupi sabata ndi sabata. Tsiku lililonse amayi ankabwera ndi kachewere wophika atamukulunga m'kansalu, n'kumusiya pakhonde. Ine ndinkapatsa a Kandidu.

A Kandidu anali bambo wachikulire wodwala ngati ine. Matenda akawakwera ankati iwo ndi govenadoro, bwanamkubwa wa Tete yense, koma akakhala bwino anali munthu wanthabwala. Ankalandira kachewereyo ndi manja awiri n'kunena kuti, "Mphwanga, ngati ndi chiphe chimenechi, mayi ako auze awonjezere mchere. Taona masayawa." Analidi atanenepa.

Tsopano ndifike pa teyaturu, masewero athu aja. A Dona kale ankaphunzitsa achinyamata sewero la Njira ya Mtanda nthawi ya Pasaka. Ndiye masana ankatisonkhanitsa odwala tonse m'nyumba yosungiramo kachewere. A Kandidu anapempha kuti tichite sewero lomwelo iwo akhale Pilato, a Dona n'kuti, "Inu mukangokhala pampando umenewo simudzatsikanso." Sewero lathu linali lina. Ankamanga chingwe kuchokera pamzati kufika pamzati, n'kuyanikapo kapulana, nsalu ya chitenje, yofika m'khosi mwa munthu. Mmodzi ankaima kuseri, mutu wokha ukuoneka pamwamba. A Dona ankamunong'oneza kankhani m'khutu, iye n'kuionetsa ndi nkhope yokha, osayankhula. Ife tinkayenera kunena chimene chili mumtima mwake.

Tsiku loyamba a Kandidu anaima kuseri. A Dona anawanong'oneza. A Kandidu anatsegula kukamwa, masaya anakwera, maso n'kuchepa.

A Dona anati, "Inasiyo, waona chiyani?"

Ine ndinali nditayang'ana pansi pa kapulana, pamene zala za a Kandidu zinkatulukira.

"Mapazi sasewera lero. Kweza maso. Muno mulibe mwano, ndi sewero."

Ndinakweza mwamsanga n'kutsitsa. "Akwiya."

A Kandidu anakuwa kuseri kuja. "Iwe mwana wa aNangozo! Mbuzi yanga yabereka ana awiri, ine ndikwiye? Ndikwiyire ndani, tonde?"

Onse anaseka, ndipo ine ndinaganiza kuti kusekako ndi mkwiyonso. Anawanong'oneza kachiwiri. Ndinati akwiya. Anali ataponda ndowe. Kachitatu ndinati akwiya. Anali ataona mkazi wawo akubwera ndi mtanga wa ufa. A Kandidu anati, "A Dona, mwanayu mumupatse udindo wa woweruza. Aliyense kwa iye ndi wolakwa."

A Dona sanandikalipire. Anati, "Usathamangire dzina. Nkhope ili ngati munda, umayendera mzere umodzi umodzi. Yamba nsidze. Zakwera kapena zatsika? Kenaka maso. Atseguka kapena achepa? Kenaka milomo. Ukamaliza m'pamene unene dzina."

Kenaka anandiimika ine kuseri kwa kapulana. Anandinong'oneza kuti, "Mwana wathyola mpanda wako dala, ng'ombe zadya chimanga." Anandiuza kuti ndiike zala pamphumi panga. Ndinamva nsidze zikutsika n'kukumana pakati. Anandinong'onezanso kuti, "Uli m'munda, wamva mapazi ambiri m'chimanga." Imeneyo sindinavutike nayo. Pansi pa zala zanga nsidze zinakwera, zikope zinatseguka zokha.

A Dona anafunsa kuti, "Zafanana?"

Ndinati, "Ayi."

"Yoyamba ija ndi mkwiyo. Yachiwiriyi ndi mantha."

Abale anga, ndinaima pomwepo zala zili pamphumi. Zinthu ziwiri zimene ndinkaziyesa chimodzi zinali zosiyana ngati kukwera phiri ndi kutsika phiri. Ndipo palibe anaphunzitsa mphumi wanga zimenezo. Unkazidziwa kale, ine mwini wake ndisakudziwa. Ndinaganiza za Mulungu amene anatenga kamalo kosaposa mbale n'kuikamo zonsezi, kuti munthu asanatsegule pakamwa mnzake amve. Ine ndinali nditakhala zaka zonse pakati pa chodabwitsa chimenechi, maso ali pa mapazi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkadikira teyaturu ngati mvula. Ndinaphunzira kuti wachisoni nsidze zake zimakwera pakati pokha, milomo n'kugwa m'mbali. Wonyansidwa amakwinya mphuno. Wamanyazi amathawitsa maso koma pakamwa pamafuna kuseka. Ndinkalakwitsabe, makamaka masiku amene mawu anali pafupi. A Dona anatipatsa lamulo lomaliza, loti ukanena dzina uzifunsa mwini nkhope, chifukwa iye ndiye akudziwa. Pambuyo pake tinachotsa kapulana n'kumasewera timasewero ta msika ndi ta pamaliro, a Kandidu akugulitsa nkhuku yosaoneka n'kumadandaula kuti ikuwajompha.

Koma amayi ndinali ndisanawayang'ane. Nyemba zinauma. Malume anamanga akatundu n'kutumiza uthenga kuti sadikira kupyola Lamulungu likudzalo.

Tsiku lotsatira amayi atabwera ndi kansalu kawo, a Dona anawagwira dzanja n'kuwalowetsa m'nyumba ya kachewere ija, mmene kapulana inali itayanikidwanso pachingwe. Ine ndinaimirira kuti ndithawe, a Kandidu n'kundigwira malaya. Anati, "Khala pansi. Govenadoro walamula."

Amayi anakana. "A Dona, ine mkazi wamkulu ndizichita masanje?"

"Si masanje, mayi. Ndi mankhwala. Imani kuseriko."

Anaima. Amayi anga ndi aafupi, ndipo kapulana inawabisa mpaka pachibwano. Ine ndinayang'ana pansi. Mapazi awo ndinkawadziwa bwino, chala chachikulu chakumanzere chilibe chikhadabo, khasu linachidula kale. Mapazi amenewo sanandiopsepo n'kamodzi komwe.

A Dona anawanong'oneza za mbuzi yobereka awiri ija. Anzanga anayang'ana, anadikira. Wina anati, "Ayamba kale?" Anawanong'oneza za ndowe. Palibe chinasintha. A Kandidu anati, "Mayi, ngakhale chitsa chimaphukira. Tatipatsaniko kenakake."

Amayi anayankha ali kuseri komweko kuti, "Sindikuchita dala. Nkhope yangayi inauma tsiku limene anatenga bambo ake. Ndinaiumitsa ndekha kuti anthu asawerengepo kanthu. Tsopano sindidziwa pomasulira."

A Kandidu anasiya malaya anga.

A Dona anati, "Muno mulibe msilikali, mulibe wa kutchire. Muli ife ndi kachewere. Sindikunong'onezaninso kanthu. Ingoyang'anani mwana wanu mmene alili." Kenaka anati kwa ine, "Inasiyo, mzere umodzi umodzi."

Ndinakweza maso pang'onopang'ono. Ndinadutsa maluwa a pakapulana, ndinafika pachingwe. Mawu aja anawoloka mtsinje n'kufika m'khutu mwenimweni. Anati, "Waona nsagwada? Akufuna kukumaliza." Nsagwada zinalidi zolimba. Koma a Dona anali atatiphunzitsa kuyambira pamwamba, ndipo ine ndine munthu wotsata zimene ndauzidwa. Ndinadumpha nsagwada, ndinapita pa nsidze.

Sizinatsike. Zinali zitakwera, ndipo pakati zinakwera kuposa m'mbali, mphumi utapindika timizere.

Ndinapita pa maso. Sanachepe ngati a munthu wokwiya. Anali otseguka, ndipo sankayang'ana maso anga ayi. Ankayendayenda pakhosi panga, pamapewa, pamikono pamene mphira inadula.

Ndinafika pa milomo. Inali yofinya monga kale. Koma nditaiyang'anitsitsa, ndinaona mlomo wapansi ukunjenjemera pang'ono kwambiri, ngati tsamba la chimanga mphepo isanafike. Pamenepo ndinamvetsa chimene nsagwada zija zinkagwira mwamphamvu chotere. Sizinkasunga mkwiyo. Zinkatsekera kulira.

Mawu anati, "Akwiya." Ine ndinanena mokweza, kuti nawonso amve, "Sanakwiye. Ali ndi mantha. Ndi chisoni chilipo."

A Dona anati, "Funsa mwini wake."

Ndinali ndisanawaitane dzina limeneli kwa miyezi yambiri. Ndinati, "Amayi, mukuopa?"

"Eya, mwanawe."

"Mukuopa ine?"

"Ndikuopa khosi lakolo. Latsala ngati la nkhuku yososoledwa nthenga. Ukufa ndi njala ine ndikuphika tsiku ndi tsiku."

A Kandidu anatsokomola n'kunena chapansipansi kuti, "Chakudyacho sichinkatayika, mayi."

Amayi anaseka. Kuseka kuja kunangotsegula chitseko, kulira n'kutulukira pomwepo. Nkhope yonse inamasuka nthawi imodzi, masaya, chibwano, zikope, zonse zikuyenda, kuseka ndi kulira zili pamodzi pankhope imodzi. Ndinaonapo mvula ikugwa dzuwa likuwala pamapiri a kwathu, koma sindinaonepo chinthu chachikulu ngati chimenecho. Analira bambo anga, amene anali asanawalire. Analira lamba uja. Anagwira chingwe, kapulana inagwa, n'kuoneka thupi lawo lonse, kansalu ka kachewere kali m'manja. Ine sindinatsitse maso. Ndinkaopa kuti ndikaphethira ndiphonya kanthu.

Atatonthola anakhala pansi n'kumasula kansalu. Sanandikakamize. Anasenda kachewere mmodzi n'kumuika pachikhatho, dzanja lili lotambasula. Mawu anali akunenabe zawo. Ndinatenga ndi manja awiri, ndinadya. Anali wozizira, mchere wambiri. A Kandidu anati, "Basi, udindo wanga watha. Ndiyambenso kuonda."

Musaganize kuti ndinachira tsiku lomwelo. M'mawa mwake ndinadzuka ndikuwakayikiranso, ndipo ndinayambiranso pa nsidze. Koma ndinkatha kukhala nawo pamphasa imodzi. A Dona anauza malume kuti tikhoza kuyesa. Anapatsa amayi makompirimidu anga kuti amange m'chiuno, n'kundiuza kuti, "Pakontorole uyankhe zimene wafunsidwa basi."

Tinanyamuka Lolemba m'mawa, malume ndi banja lawo patsogolo, ine ndi amayi kumbuyo. Njira inadutsa pakontorole yomwe ija. Titayandikira migolo, mawu anadzuka onse. Anati, "Nena tsopano. Uwu ndiwo mpata wako." Malume anatembenuka kundiyang'ana, ndipo ndinaona nsidze zawo zili m'mwamba. Msilikali anabwera kwa ine, mfuti ili pachifuwa. Kale ndikanayang'ana nsapato zake. Ndinamuyang'ana kumaso mwachidule. Anali mnyamata wa msinkhu wanga, zikope zolemera, milomo yosweka. Sanakwiye. Anali wotopa, mwinanso wanjala.

Analoza amayi ndi chibwano. "Awa ndani?"

Ndinayang'ana amayi. Nsagwada zinali zitalimbanso ngati kale, koma tsopano ndinkadziwa chimene chili kuseri kwake.

Ndinati, "Ndi amayi anga, bwana. Tikupita kwa abale ku Domwe."

Anatenga mapichesi angapo m'dengu n'kukweza mtengo. Tinadutsa. Titayenda mtunda, malume anakhala pansi m'mbali mwa msewu n'kunena kuti, "Mphwanga, bwera unyamule thumba ili. Wakula." Patapita masabata ochepa tinamva kuti mudzi wathu watenthedwa, ndipo amene anatsala si onse anapulumuka. A Dona ndi a Kandidu anatuluka bwino, ndi chifukwa chake teyaturu yafika kuno.

Tsopano ndinene zochepa kwa inu anzanga odwala, ngati mungandilole, pakuti ine si namwino. Mankhwala musasiye, ngakhale lilime lilemere. Ine ndinayesa kusiya kamodzi chifukwa ndinkadziona wabwino, ndipo nkhope zonse zinayambanso kukwiya. Akatha kuno, ndimakapempha kuchipatala cha tsidya lija, ndipo sindidikira kuti atheretu. Kachasu amanama, amatseka mawu madzulo n'kuwatsegulira khomo lalikulu m'mawa. Ndipo mukaona munthu ngati akudana nanu, musathawe msanga, musamunenere kwa aliyense. Yambani nsidze, maso, milomo. Mukamaliza mufunseni. Ine ndimafunsa kawirikawiri mpaka anthu amatopa nane. Dzulo lomweli ndinafunsa wogula kachewere ngati wandikwiyira, iye n'kuti dzino likumupweteka. Manyazi a kufunsa ndi aang'ono. Ine ndaona chimene kusafunsa kumachita.

Kwa inu otisunga, ndikupempha mwaulemu. Mphira ija isiyeni panjinga. Ndipo ndikudziwa kuti nkhondoyi yatiphunzitsa tonse kuumitsa nkhope, ndipo panjira n'koyenera kutero. Koma m'nyumba, pamaso pa wodwala wanu, imasuleni pang'ono. Ikakana, nenani ndi pakamwa kuti ndatopa, kapena ndili ndi mantha, kapena lero ndakwiyadi. Ife tikapanda kuuzidwa ndi inu, alipo ena m'mutu muno amene amatiuza, ndipo amenewo sanena zoona. Ana anu aphunzitseni ulemu, inde, koma nthawi zina muziwalola kukuyang'anani kumaso.

Mawu sanachoke onse. Ngakhale pano ndaima, mmodzi akunena kuti mwatopa nane. Ndayang'ana mzere wakutsogolowu, ndipo ndaona awiri achisoni, mmodzi wodabwa, ndi agogo awo amene tulo tawagwira. Wokwiya sindinamuone.

Amayi anga ali kumbuyo uko, pafupi ndi chitseko, avala kapulana ya maluwa ija. Ndikuwaona bwinobwino. Maso athawitsa, koma pakamwa pakufuna kuseka, ndiye kuti achita manyazi poti ndawatchula pagulu. Pansi pa manyaziwo pali chinthu china, chili m'masaya ndi m'mbali mwa maso, chimene pa teyaturu sitinachiphunzire, ndipo dzina lake sindikulidziwa. Ndikayang'ana ndimangofuna kuyang'anabe. Mundilole nditsike, ndikawafunse.